Kamlambe ka pawindo la kukhitchini

Chaka chimene Adadi anawachotsa ntchito ya zomangamanga ndinali folomu thu. Tinkakhala ku Ongar, dera la mzinda wa Dublin, m'fulati ya m'mwamba, moyang'anizana ndi nyumba zimene anazisiya zosamaliza kumanga. Hita yotenthetsa m'nyumba tinkayatsa ya kukhitchini yokha.

Aphunzitsi athu a jogalafe anatiphunzitsa za anthu okhala m'mapiri a m'chipululu, kumene mvula imatha chaka osagwa. Anati kumeneko akabzala mtengo amakwirira kamphika kadothi pambali pake, n'kuthiramo madzi, n'kuvundikira. Madziwo amatuluka pang'onopang'ono kupita ku mizu, dzuwa osawamwa. Mitengoyo ikakula imagwira nthaka kuti isakokoloke.

Aliyense anayenera kukonza pulojekiti yoti adzafotokoze kutsogolo kwa kalasi potha teremu. Ine kulankhula pagulu ndinkakuopa kwambiri. Zambiri zimene ndinkafuna kunena ndinkangozilemba m'dayale. Ndinadikira onse atatuluka, n'kupempha aphunzitsi kuti ndibzale mtengo m'njira ya kamphikayo. Anavomera. Anati ukakhala wamoyo ndidzangouika patebulo, anthu n'kumaona okha. Ukafa, ndidzaimirira n'kufotokoza ngati wina aliyense.

Anti athu a ku Finglas, dera lina la Dublin, anali atabwera ndi malambe kuchokera kumudzi. Ndinamunga nthangala zake mpaka kuyera, ndinazikwecha pa simenti, ndinaziviika m'madzi ofunda. Inamera imodzi. Ndinaibzala m'ndowa ya mchenga, pambali pake n'kukwirira kamphika kamaluwa komwe ndinatseka chibowo chake ndi phula la kandulo. Ndowayo ndinaiika pawindo la kukhitchini, pamwamba pa hita. M'mawa uliwonse ndinkapukuta timasamba ta kamlambe kanga ndi thonje.

Amayi anakulira ku Balaka, kudera kumene m'chilimwe madzi amakatunga kutali. Kwawo madzi satayidwa. Otsukira mpunga, otsukira masamba, otsala m'ketulo, onse amathiridwa patsinde pa mpapaya kapena pa tomato. Ku Dublin, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ankaimabe ndi beseni m'manja n'kumadandaula asanakhuthulire m'sinki. M'fulati mwathu munalibe chomera chilichonse, mpaka pamene ndowa yanga inafika.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza mchenga uli chinyontho, pamwamba pali timbewu ta mpunga.

"Amayi, mwathira madzi umu?"

"Eya. Munali mouma gwa."

"Mchengawo ukuyenera kuuma. Kamtengoka kamamwa madzi a m'kamphikamo."

"Kamphika kakang'ono ngati chotsekera botolo kameneka? Iwe mwana, mitengo yofa ndi ludzu ine ndinaiona ndi maso angawa. Aphunzitsi akowo anaiona pa TV."

Ndinati chonde asathirenso. Anati chabwino. Koma dzanja lawo linali litazolowera kalekale. Mawa lake mchenga unanyowanso.

Adadi nawo ankakhala pakhomo tsiku lonse, kudikira foni ya ntchito imene sinkalira. Ndinawapezerera akukhuthulira tiyi wotsala m'ndowamo.

"Adadi!"

"Pepani abwana. Ine ndi mtengowu tonse ndife malova, ndiye timamwera limodzi."

Anaseka. Amayi nawo anaseka, ndipo panali patapita nthawi ndisanamve awiriwo akusekera pamodzi. Ndikanakalipira bwanji munthu amene tsiku lonse analibe wocheza naye kupatula kamtengo kanga?

Ndinasamutsira ndowa kuchipinda kwanga. Kumeneko kunkazizira mpaka mawindo kuchita thukuta, ndipo timasamba tinayamba chikasu. Ndinaibwezera kukhitchini, n'kuphimba mchenga ndi pulasitiki. Amayi anachotsa, akuti mtengo uzipuma. Ndinkafika kunyumba, kuboola mchenga ndi chala, kupeza matope, kupita kubafa kukalira mopanda phokoso. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti palibe amene ankafuna kukapha. Onse ankakakonda.

Teremu ili pafupi kutha, tsinde linafewa m'munsi. Nditaligwira linazuka lokha, muzu utavunda ngati chinangwa choviika, ukununkha. Amayi anauyang'ana nthawi yaitali.

"Koma bwanji? Sindinakamanepo madzi ngakhale tsiku limodzi."

Anali odabwa zenizeni, misozi ili lengelenge. Anti a ku Finglas anati malambe anatha, ndipo ngakhale akanakhalapo, nthawi yoti ina imere inalibenso.

Tsiku la pulojekiti ndinanyamula ndowayo m'basi, ili yolemera ndi mchenga wonyowa. Ena anaonetsa zithunzi za mapiri ofiira ndi mitsinje youma. Aphunzitsi ataitana dzina langa, ndinaika ndowa patebulo n'kuima kumbuyo kwake. Mnyamata wina wa kumbuyo anafunsa kuti mtengowo uli kuti. Ndinati unafa. Anafunsanso kuti unafa ndi chiyani. Ndinati madzi anachuluka. Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka, ena mpaka kumenya madesiki, mvula ikuwomba pamawindo.

Aphunzitsi anawaletsa, kenako anandiuza kuti ndifotokoze mmene kamphika kamagwirira ntchito. Ndinafotokoza zonse, maso ali pamchenga. Nditamaliza, anati akumbuyo sanamve kalikonse, ndikweze mawu, ndiyambirenso poyamba.