Nyimbo ya basela ya a Pius

Ukafika pa Nsaru n'kufunsa kwa a Pius obena nyimbo, aliyense akulozera kachipinda kopanikizika pakati pa butchala ndi malo owotcherera njinga. M'menemo ndi momwe bamboyu wamerera imvi, akuthira nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi a anthu. Fodya analimapo ali mnyamata, koma chifuwa chinakana fumbi la m'chigafa, choncho munda anasiyira azichimwene awo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wovala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene msika wonse unkawaseka nacho. Khadi ikangofika m'manja mwawo, asanafunse n'komwe kuti mwini wake akufuna nyimbo zanji, ankayamba aifomata, kufufutiratu zonse zimene zinalimo.

"Khadi yauve imapha kompyuta," ankatero. Pofomatapo ankasankha FAT32, poti ndiwo kayalidwe ka mafayilo kamene timawailesi tam'midzi ndi masipika a m'minibasi amawerenga mosavuta. Dzanja linazolowera moti linkadina lokha, maso ali kumsewu.

Kompyuta yawo yoyamba anawasiyira ndi m'bale wina wa ku mishoni pobwerera kwawo. Inali ya Linux, ndipo inabwera pamodzi ndi hadi disiki, kabokosi kakuda kosungiramo zinthu. M'baleyo anati kabokosiko anakayala m'njira ya Linux yotchedwa ext4, yolimba, yoti magetsi akathima mwadzidzidzi zinthu sizitayika wamba. A Pius anagwedeza mutu mwaulemu, koma dzinalo sanalisunge. Kwa iwo chachikulu chinali chakuti kabokosiko kankatseguka akakalumikiza. Nyimbo zogulitsa zinkakhala m'kompyuta, kabokosiko n'kumasunga za kunyumba basi.

Mwa za kunyumbazo, chachikulu chinali mawu a akazi awo, a Anastazia. Mayiyu ankaimba kwaya kutchalitchi, koma nyimbo imene tikunenayi sinali ya kwaya. Anaipeka yekha atabadwa Gloria, mwana yekhayo amene anakhala ndi moyo pambuyo pa awiri amene anawaika ali makanda. Ankaiimba pochapa ndi popeta, mpaka Lamulungu lina masana a Pius anabwereka mayikolofoni, n'kupachika bulangete pachitseko kuti nkhwangwa ya m'butchala isamveke, n'kuwajambula. Kuyambira tsikulo khadi iliyonse inkatuluka m'chipindamo ndi nyimboyo kumapeto. Wogula tomato amapatsidwa basela, nanga wogula nyimbo alekerenji? A Anastazia anayamba kumveka m'zigayo, m'masaluni, ndi m'minibasi zopita ku Kabudula.

"A bambo a Gloria, mundichititsa manyazi," ankatero, akubisa nkhope m'chitenje pamene minibasi ikudutsa ndi mawu awo. Koma ankamvetsera mpaka itazimiririka.

A Anastazia anamwalira pamene Gloria anali sitandade sikisi. Matenda awo anali am'mimba, aja amadziwika mochedwa. Sabata itatha chiikireni maliro, wakabaza wina anadutsa pakhomo kasipika kali pahandulo, a Anastazia akuimba ngati palibe chachitika. A Pius anagwada pansi, n'kulira kuposa mmene analirira kumanda. Basela anathera pomwepo. Makadi ankabwerabe kudzasintha nyimbo, iwo n'kumafomata monga mwa masiku onse, ndipo pang'onopang'ono mayi uja anatha m'misewu yonse ya m'deralo. Sizinawadetse nkhawa. Nyimbo inali m'kabokosi, kabokosi kali m'thumba la jekete. Sanaimvetserenso, koma ankadziwa kuti ilipo, ndipo kudziwako n'kumene kunkawadzutsa m'mawa.

Gloria anakula, n'kuphunzira zosoka, n'kutsegula kashopu ku Msundwe. Chinkhoswe chitachitika anabwera kudzakhala pabenchi ya makasitomala, akuseweretsa lamba wa chikwama.

"Ababa, zakudya ndi zovala tiona ndi azakhali. Kwa inu ndikupempha chimodzi. Ndikufuna ndidzalowe m'holo ndi nyimbo ya amayi. Mawu awo ayamba kundithawa m'mutu."

"Ilipo, mwana wanga," anayankha a Pius, akugwira thumba. "Imeneyo usaderenso nkhawa."

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera ndi mphenzi imene inapsereza mafiriji ndi mawailesi theka la msika. Kompyuta ya m'bale uja inangoti thi, n'kununkha ngati tayala lopsa. Kabokosi kanapulumuka poti kanali m'jekete, ndipo a Pius anathokoza Mulungu. Mwana wa mlongo wawo, Fumbani, wokonza mafoni ndi makompyuta m'tauni, anawapezera laputopu yakale, n'kuikamo mothamanga Windows yatsopano ndi nyimbo zochepa zoyambira, n'kuitumiza pa minibasi.

Apa ndiye panayambira mavuto, abale. Chinthu chinkayaka bwinobwino, chowala, chokongola, koma chogontha ndi chosalankhula. Sipika zii. Polowetsa khadi, zii. Netiweki osaiona n'komwe. Fumbani anafotokoza pafoni kuti kukusowa madirayiva, timapulogalamu timene timaphunzitsa kompyuta kugwiritsa ntchito ziwalo zake.

"Ndiye ndiwagule kuti?"

"Sagulitsa, amalume. Muwatenge pa intaneti."

"Nanga si ukuti chokokera intanetiyo nachonso chikufuna dirayiva?"

Fumbani anaseka, koma a Pius sanaone choseketsa. Anatseka shopu, n'kunyamula laputopu kupita kubwalo la mpira komwe netiweki imagwirako bwino, n'kuilumikiza ndi foni pa chingwe. Munthu wamkulu, wa jekete, kukhala pachulu dzuwa lili pamutu, kuyang'anira kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono. Kakafika pafupi kutha, bandulo yatha. Tsiku lina anatenga dirayiva wa mtundu wina wa laputopu, chinthu n'kusanduka buluu, n'kuzima. Pa masiku amenewo timabokosi tachizungu tinkatumphuka pasikirini osalekeza, tofunsa izi ndi izo, ndipo anaphunzira kuti njira yachidule yothana nato ndi kungovomera. Pomaliza polowetsa makadi panagwira. Sipika yokha inakanirira.

Tsiku lamsika anatsegula shopu, anthu ali pamzere mpaka pakhonde la butchala. Analowetsa khadi ya kasitomala, ndipo poti mtima unali pa Gloria, analumikizanso kabokosi kuti aone ngati katseguke. Windows siwerenga ext4. Ikakumana ndi disiki yotere imaiona ngati yopanda kanthu, n'kufunsa ngati ingaifomate. Bokosi linatumphuka, a Pius n'kuyesa kuti likunena za khadi ija. Anafufuza FAT32 pamndandanda, osaipeza. Panali NTFS ndi exFAT. Ndipotu apa anaima, anaganiza, anakanda ndevu, n'kudandaulira mzimayi amene anali kutsogolo kuti zinthu zamakonozi zimangosokoneza anthu. Anaganizira mofatsa kuti asankhe iti, osadzifunsa kuti akufomata chiyani. Anasankha exFAT chifukwa dzina lake linkafanana ndi limene analizolowera. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu.

Kabokosi kanatseguka, kali mbee. Khadi ya mayi uja inali ndi nyimbo zake zonse zakale.

Munthu amene wafomata makadi moyo wake wonse sangalephere kudziwa tanthauzo la zimenezo. Koma a Pius anakana kudziwa. Anadziuza kuti zinthu zilimo, kungoti laputopuyi sinaphunzire kuziona, monga momwe sinaphunzirire kulankhula. Akapezeka dirayiva woyenera, zonse zibwerera. Sanaimbire Fumbani, poopa yankho. Ndipo poti nyimbo zogulitsa zinapsa ndi mphenzi, laputopu nayo malo ake ochepa, mmawa mwake anakwera njinga kupita kwa mnzawo wobena ku Namitete, n'kumupatsa kabokosiko kuti awathirireko katundu. Mnzawoyo anali wamtima wabwino. Anadzaza mpaka pakamwa, mafilimu omasulira m'Chichewa, nyimbo zauzimu, zamaukwati, zonse.

Ukwati utayandikira, Gloria anaimba foni kufunsa kuti nyimbo ija aitumiza liti kwa woyendetsa zoimbira. Ndi pamene a Pius anakwera minibasi ya ku Lilongwe kupita kwa Fumbani, laputopu ndi kabokosi zili m'chikwama. Fumbani anamvetsera nkhani yonse, kenako anaika sikuludilaiva pansi.

"Amalume, mutafomata munaikamonso zinthu?"

"Pang'ono."

Fumbani anayang'ana pasikirini, n'kuona kuti disiki yadzaza.

"Kufomata kotereku kumangochotsa chikwangwani, katundu amakhala akadalimo. Mukanabwera nako tsiku lomwelo, mwina tikanawapeza mawu a azakhali. Koma apa mwalima pamwamba n'kubzala zina."

Anayesabe. Pulogalamu yofukula zotayika inayenda masana onse, a Pius ali pampando wapulasitiki, osadya, osamwa. Inatulutsa zidutswa za mafilimu, anthu akumenyana pamadenga, ndi theka la chithunzi cha ubatizo wa Gloria lopanda mitu. Nyimbo munalibe. Asanawaperekeze, Fumbani anadina apa ndi apo, n'kuika dirayiva wa sipika amene anawasautsa masabata onse aja. Laputopu inalira kanyimbo kake kotsegulira, momveka bwino kwambiri. A Pius anaitseka n'kuiika m'chikwama.

Kuyambira pamenepo anthu a pa Nsaru anaona zachilendo. A Pius analeka kufomata. Khadi ikabwera ankaitsegula, n'kutsika mpaka pansi pa mndandanda, n'kufunsa mwini wake ngati kunyumba kuli ina yakale, yoiwalika m'kabati kapena m'wailesi yakufa. Anafunsa makondakitala, eni zigayo, azimayi a kwaya. Onse ankaikumbukira nyimboyo, ena n'kuing'ung'udza pang'ono, aliyense mosiyana ndi mnzake. Ndipo yankho linkabwera limodzimodzi, lopanda njiru koma lolasa: "Inalimo, koma si munafufuta ndinu?" Ntchito yawo anaigwira mwaukhondo zedi. Panalibe khadi ya m'deralo imene sinadutsenso m'manja mwawo.

Anauza Gloria pamaso, m'shopu yake yosokera. Mwanayo sanakalipe. Anangopitiriza kupinda mpendero wa diresi, misozi ikugwera pansalu, ndipo kwa a Pius kukanakhala bwino akanawatukwana.

Kenako wogulitsa nyemba wina anatchula a Tisiyenji a ku Nambuma, mayi wamasiye amene amuna ake ankakonda kubenetsa kwa a Pius kalelo. Chimwalirireni bamboyo, wailesi yake inali pa kabati, yovundikiridwa ndi kansalu, khadi ili momwemo. A Pius ndi Gloria anapita pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. A Tisiyenji anawayalira mphasa pakhonde, n'kubweretsa wailesiyo ndi manja awiri. Khadi inali yadzimbiri m'mano mwake. A Pius anaipukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuilowetsa mu laputopu.

Bokosi lija linatumphukanso, lofunsa ngati angafomate. A Pius anabweza manja onse awiri n'kuwaika kumbuyo. Gloria ndiye anadina kukana. Anaitulutsa, kuipukutanso, kuibwezera. Kachitatu mndandanda unaoneka, mayina ambiri atasanduka zilembo zosawerengeka, koma pansi penipeni panali dzina limene a Pius analemba okha: Basela.

Sipika inayamba ndi phokoso la m'chipinda chija. Kutali kunkamveka nkhwangwa ya m'butchala, bulangete litalephera kuitsekereza. Kenako mawu a mwamuna, achinyamata, onyada: "Yambani, amake Gloria." Wina anaseka pang'ono m'mphuno. Anakoka mpweya kuti ayambe kuimba. Pomwepo fayilo inathera.

A Pius anayang'ana kukula kwa fayiloyo, n'kudziwa kuti kwinako kunadyeka kalekale. Anaikopera mu laputopu momwemo, kachidutswako.

"Bwezeraninso, ababa," anatero Gloria.

Anabwezera. Nkhwangwa, mawu awo omwe, kuseka, mpweya. Anabwezeranso. A Tisiyenji analowa m'nyumba mwakachetechete n'kuwasiya awiri.

"Akamayamba ankakwera kapena ankatsika?" Gloria anafunsa. "Ndiimbireniko poyambira pokha, mwina ndikumbuka."

A Pius anatsegula pakamwa. Mawu a nyimboyo ankawadziwa onse, mzere ndi mzere. Anafufuza m'mutu liwu la mkazi amene anagona naye mphasa imodzi zaka zonse zija, koma chimene chinabwera ndi kung'ung'udza kwa makondakitala ndi eni zigayo amene anakhala akuwafunsa. Anatseka pakamwa.

Ukwati unachitika, ndipo Gloria analowa m'holo ndi nyimbo imene woyendetsa zoimbira anasankha. A Pius akadali pa Nsaru, m'kachipinda komwe kaja. Safomatanso khadi ya munthu asanaimvetsere mpaka kumapeto, ndipo makasitomala ambiri anasamukira kwa anyamata achangu a kuseri kwa msika. Masana kukakhala kopanda anthu, owotcherera njinga amamva kudzera pakhoma mawu a mwamuna akuti, "Yambani, amake Gloria," kenako mkazi akukoka mpweya, kenako mwamuna uja akupemphanso.