Chikombole cha a Zalaziwiri

Mu ofesi ya pamwamba pa sitolo ya matayala ankawatchula kuti a Zalaziwiri. Kwa mvula khumi ndi imodzi iwo ndiwo ankalemba khodi, malangizo a pulogalamu, yotengera zinthu m'nkhokwe ya pakompyuta: mayina a odwala, masiku, mankhwala. Mzere uliwonse ankautayipa okha ndi zala ziwiri, modekha ngati munthu wobzala phando ndi phando.

Kuzizira kutayamba, abwana anabweretsa chida chatsopano. Ukachionetsa mindandanda ya m'nkhokwe, chinkalemba chokha mafayilo mazana anayi tiyi asanazizire.

"Mwezi uno ukatha gawo lanu la pulogalamu likuvutabe, mupita kukayankha mafoni," anatero abwana.

A Zalaziwiri, amene ngakhale foni ya akazi awo ankaiyankha ikulira kachitatu, anakhala pansi n'kuwerenga zomwe chidacho chinalemba. Cholakwika anachipeza msanga: khodiyo inkatsegula khomo la nkhokwe koma osatseka. Ndiye anayamba kukonza pamanja, fayilo ndi fayilo, makumi atatu pa tsiku. M'mawa mwake ankapeza zonse zabwerera mwakale. Sankadziwa kuti chidacho chimalembanso mafayilo onse tsiku lililonse.

Patatha masabata awiri, anapita kwa amayi oyesa mapulogalamu, omwe ankakhala pawindo atafunda juzi ziwiri.

"Mayi, ndani akumafufuta ntchito yanga? Ngati ndi inu, ingonenani. Sindikwiya."

"Mwakwiya kale, achimwene. Pamwamba pa fayilo iliyonse analemba kuti osakonza pamanja. Simunaone?"

"Ndinaona. Ndimayesa akuuza ena."

"Inu mukupala njerwa imodziimodzi pomwe chopindika ndi chikombole. Tsegulani fayilo iyi. Mafayilo onse aja amaumbidwa kuchokera umu."

Anaitsegula. Inali yaifupi mochititsa manyazi. Anawonjezera mzere umodzi wotseka khomo, n'kuyendetsa chida. Koma mzerewo anauika pamwamba kwambiri, moti mafayilo mazana anayi onse anayamba kutseka khomo asanatengemo kanthu. Zipatala zitatu zogwiritsa ntchito nkhokweyo zinaimba kuti odwala awo onse asowa.

Abwana anatulukira atanyamula mahedifoni a kumafoni kuja, chingwe chikukokeka pansi.

"Tadikirani kaye, bwana," anatero amayi aja. "Kale akalakwitsa kamodzi kankakhala kamodzi. Lero akula: kamodzi kasanduka mazana anayi."

A Zalaziwiri anatsitsa mzere uja malo awiri, n'kuyendetsanso chida. Foni inaliranso. Odwala anali atabwerera, ndipo khomo linkatsekeka.

Abwana anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, kenako anakulunga chingwe chija n'kubwerera nacho.

A Zalaziwiri adakali pa desiki yomweyo. Ntchito ya sabata yathunthu tsopano imatha isanakwane teni koloko m'mawa, ndipo zimenezi sanazikhululukirebe. Akaweruka amauza akazi awo kuti atopa kwambiri, ndipo akazi awo amangowayang'ana zala.