Loko wa Pachimbudzi Chatsopano

Ana ankawatcha Amphuno, ndipo dzinalo silinali lachipongwe chabe. Mayi ameneyu, amene anakalambira m'kalasi ya Sitandade Wanu, ankangoima pakhomo n'kudziwa kuti ndani wabwera osasamba, ndani wabisa chipatso chowola m'thumba, ndani wachita ngozi m'kabudula. Mphuno yotere ndi mphatso kwa wophika. Kwa mphunzitsi wa tiana, ndi chilango.

Sukuluyo inali yaing'ono: makalasi ochepa, kaofesi, ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, chimene ankachimenya ndi hamala m'malo mwa belu. Kuseri kunali zimbudzi ziwiri. Chakale chinali chitadzaza mpaka pakamwa, moti mvula ikagwa mphutsi zinkatuluka kudzaothera dzuwa pasimenti. Chatsopano, chimene bungwe lina linamanga, chinali choyera mbee, chili ndi loko wamkulu pachitseko. Kiyi ankakhala m'thumba la Ahedi, podikira kuti alendo a kubungweko adzayambe adula riboni Lachisanu.

Sabata imeneyo Ahedi anaitcha Sabata ya Ukhondo.

Lolemba ana anaphunzira nyimbo ya kusamba m'manja. Anandanda kutsogolo kwa ndowa youma, akutikita tizikhatho tawo m'malere, sopo ali patebulo m'pepala lake kuti azimuona koma asamukhudze. Lachiwiri anajambula ntchentche, pansi pake n'kulemba kuti "mdani wathu". Phunziro limeneli lokha ndi limene linali ndi zipangizo zokwanira, pakuti adaniwo ankatera pamakope pomwepo.

M'kalasimo munali kamtsikana kena, mwana wa mayi wosoka zovala. Tsitsi lake ankalimanga ndi tinsalu totsala posoka, n'chifukwa chake anzake ankati Kariboni. Chiyambire tsiku limene anaona mphutsi zikukwera nsapato yake, sanapondenso m'chimbudzi chakale. Amphuno anaona kuti mwanayo wasiya kumwa madzi, milomo yake yauma, ndipo nthawi yoweruka ikamayandikira ankakhala atapanikiza miyendo, maso ali pakhomo.

Lachitatu, ali pakati poyeserera sewero la alendo, thupi linamugonjetsa. Kamtsinje kanayenda pasimenti mpaka pamapazi a anzake.

"Aphunzitsi, madzi apezeka!" anakuwa mwana wina. "Bweretsani ndowa ija!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Amphuno anamufunditsa mwanayo nsalu yawo, n'kulunjika ku ofesi.

"Ahedi, ndithandizeni kiyi."

"Amayi, khalani pansi kaye. Mukufuna alendo adzatsegule chinthu chonunkha kale?"

"N'chimbudzi, bambo, si tchalitchi."

"Pirirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Ahedi, akusisita thumba limene munali kiyi. "Nanga ife sitinakulire zimbudzi zomwezi?"

Amphuno anatuluka. Chimene chinawanyansa sichinali kukanako, koma kufatsa kwa mawu ake, ndi mwambi umene anaukokeramo kuti uphimbe mkodzo wa mwana.

Lachinayi, ana akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira yopita kuchimbudzi chokhomacho, mayi ake a Kariboni anafika tepi yoyezera ili m'khosi.

"Aphunzitsi, ine sindidziwa Chingerezi, koma manyazi ndimawadziwa. Mwana wagona osadya. Mawa ndibweranso. Ndikapeza loko uja alipobe, ndimutenga azikandigwirira sizasi. Kusukulu kwake kuthere pomwepo."

Amphuno ankadziwa kuti amenewa sanali mawu oopseza chabe. Anali ataonapo atsikana ambiri akuchoka pa zifukwa zochepa kuposa ichi, ndipo palibe amene anabwerera.

"Mawa atsegula, amake mwana," anatero.

Lachisanu ana anakhala padzuwa kuyambira m'mawa, nyimbo ili pakamwa. Riboni anaimanga, sopo anamuvula pepala, ndowa anaithira madzi kwa nthawi yoyamba. Dzuwa litafika pamutu, foni ya Ahedi inalira. Anamvetsera akugwedeza mutu, akuwerama ngati woimbayo akuwaona.

"Alendo athu atanganidwa," analengeza. "Adzabwera mwezi wamawa. Mwambo wonse tausunga."

Anamasula riboni, n'kuyamba kumukulunganso sopo m'pepala lake. Pageti, mayi wosoka uja anatambasula dzanja, Kariboni n'kunyamuka ndi kachikwama kake.

Amphuno sanali munthu wa ndewu. Zaka zonsezi anameza zambiri: choko chosakwana, denga lodontha, malonjezo. Koma tsikulo anapita pamtengo wa belu, natenga hamala, nadutsa pakati pa miyala yopaka laimu. Loko uja anali wamkulu maonekedwe okha. Atamumenya kachiwiri anagwa.

Mphuno ndiyo inayamba kudziwa, maso asanaone. M'chimbudzi chosatsegulidwacho munali fungo la chimbudzi chogwira ntchito. Pamsomali panali nyuzipepala yong'ambidwa bwinobwino m'magawo. Pawindo panali sopo wina, wotha mbali imodzi. Pakona panali masilipasi aakulu, amene sukulu yonse inkadziwa mwini wake.

Aphunzitsi ena anasuzumira, n'kuyang'ana kumbali. Mayi wosoka anasuzumiranso, nalavula malovu pansi.

"Kani alendo ake anafika kale," anatero.

"Amayi, mwaononga katundu wa sukulu!" Ahedi anafika akupuma mwawefuwefu. "Nkhani imeneyi ikafika kumaofesi."

"Ikafike, bambo. Ndikaifotokoza ndekha, ndi masilipasi omwe."

Amphuno anamugwira dzanja Kariboni n'kumulowetsa, iwo n'kuima pakhomo ngati mlonda. Kumbuyo kwawo ana anali atandanda kale, mzere wautali umene palibe anauphunzitsa.

Mwanayo atatuluka, Amphuno anapita patebulo, namuvulanso sopo pepala, namupatsa. Mayi ake anayang'anitsitsa thovu likutuluka m'timanja tija.

"Lolemba abwera," anatero potsiriza. "Koma ndikadzamva za loko wina, musadzanditumire uthenga."

Amphuno anavomera ndi mutu. Kenaka anatola kamtengo, nakola masilipasi aja, nawanyamula motalikitsa ndi mphuno yawo, nakawasiya pakhomo la ofesi.