Chitini Chobowoka pa Chigafa cha Amalume

Chinali chitini cha mkaka, chadzimbiri, chobowoledwa ndi msomali m'mbali chakumunsi. Aphunzitsi athu a sayansi, pasukulu ina kufupi ndi Mvera, anabwera nacho m'nyengo yosoka fodya, ine ndili Fomu 1. Anathiramo madzi, madziwo n'kumatuluka pabowo ngati mbuzi ikukodza, kalasi yonse kufa nako kuseka. Kenako tinatuluka panja, iwo anakwera makwerero n'kuchisiya kuti chigwe. Abale inu! Chili m'malere madzi aja analeka kutuluka, mpaka phwa! pansi.

"Chitini chikugwa, madzinso akugwa, ndiye akankhe ndani?" anatero, maso ali mbee. "Chogwa sichimva kulemera kwake." Anatikumbutsa mmene mimba imakwerera kukhosi lole ikatsetsereka m'zitunda za ku Ntchisi. Ankati munthu wotsekeredwa m'bokosi sangadziwe ngati akukokedwa ndi dziko kapena bokosilo likukwera moonjeza liwiro. Ankatinso wokwera lole ndi woima pamsewu amaona zosiyana, koma lamulo n'limodzi. Zimenezi m'silabasi munalibe. Lero nanenso ndine mphunzitsi, ndipo ndikudziwa kuti anangolephera kudzigwira.

Kunyumba zinali zina. Amalume, eni mbumba, anali atagamula kuti teremu imeneyo ndisiye sukulu. Fodya anacha pakamodzi, manja osoka n'kuchepa, ndipo kwathu mawu a malume sabwezedwa, ngakhale ndi amayi. Ndinkaopa kwabasi, poti atsikana anzanga amene anasiya teremu imodzi sanabwererenso.

Ndiye ndinabowola chitini changa n'kuthiramo madzi. Ndinakwera chigafa, chisakasa choyanikamo fodya chija, m'manja muli nyatanyata ndi phula la masamba, fungo lake likuyabwa pakhosi. Amayi anakuwa: "Mtsikana iwe, wapenga? Tsika!" Ine ndinangochisiya chitini chija kuti chigwe pamaso pa amalume, madzi n'kuleka kutuluka.

Amalume anati ndatseka bowo ndi chala. Chala chake chiti, ine ndili pamwamba? Anakwera okha, munthu wamkulu ndi dazi lake, kanayi konse, thalauza litanyowa, osoka onse atasiya zingano akugubuduka ndi phwete. Kachinayi anakhala pansi n'kupukusa mutu. "Ha! Madziwa akuopa chiyani?" Ndinafotokoza zopotokapotoka, pakuti nanenso ndinali nditangomva theka. "Mawa upite ukafunsitse bwino," anatero, "udzandiuze."

M'mawa ndinatsika chitunda chothamanga, ulendo wa kusukulu. Nyengo yonseyo ndinkagwetsa chilichonse: zitsononkho, miyala, ngakhale chikho cha amayi. Ndinkayenda monyada, ndikuti ndagonjetsa amalume ndi nzeru zanga.

Sindinafunse kuti gawo langa la fodya akusoka ndani. Anali amayi, ndi zala zawo zong'ambika, kuyambira m'bandakucha mpaka tsamba lomaliza. Ine ndinkangokwiya kuti bwanji akuodzera pamene ndikuwafotokozera za zinthu zopanda kulemera.