Nsonga ya Chingwe Imene Ndinaluma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene maso a bambo anga anayamba kuchita ng'ala. Sikuti anali akhungu ayi. Njira ankaiona, munthu ankamuzindikira akayandikira. Koma kabowo ka mbedza sankakaonanso.

Bambo anali mlimi wa kachewere ngati wina aliyense kwathu kwa Kaphuka. Chimene ankasiyana ndi anzawo chinali kawedzedwe. Ali mnyamata anagwirako ntchito kuphiri la Zomba, yonyamulira mzungu wina zowedzera, ndipo kumeneko anaphunzira kuwedza popanda nyambo. Ankatenga kanthenga ka nkhanga n'kukamangirira ku mbedza ndi ulusi wakuda mpaka kaoneke ngati kachilombo kouluka. Akakaponya pamwamba pa madzi, nsomba inkadzibweretsa yokha. Ena onse m'mudzi ankakumba nyongolotsi, ndipo ankawaseka.

"A Mateyu, nsomba za kuno sizidya nkhanga yaiwisi," ankatero a Kamwendo, amene tinayandikana nawo nyumba. "Muziyamba mwaiwotcha."

Bambo ankangodutsa pakhomo pawo madzulo atanyamula nsomba pa kamtengo, akuyenda pang'onopang'ono kuti a Kamwendo aziwerenge bwino.

Maso atafooka, ntchito yomanga mbedza ku chingwe inagwera ine. Anandiphunzitsa pakhonde, tsiku limodzi lokha. Lowetsa chingwe pa kabowo. Zunguliza nsonga kasanu. Ibweze, ilowe pa kampata kamene katsala pafupi ndi mbedza. Nyowetsa ndi malovu, chifukwa nayiloni ukamukoka wouma amapsa. Koka pang'onopang'ono mpaka mfundo ikhale. Ukatero kola mbedzayo pa nthambi, uikoke ndi mphamvu. Ikafuna kumasuka imasukire pamtunda.

Kuyambira pamenepo, ndikamanga ankandifunsa mafunso awiri. "Kasanu?" Ine n'kuti eya. "Wanyowetsa?" Ine n'kuti eya. Basi, ankaponya. Sankakhudza n'komwe mfundoyo.

Tsiku limene ndikunenali linali Loweruka, m'mwezi wa Juni. Amene anakulira ku Dedza akudziwa Juni wake. Tinatsetserekera kumtsinje wa Linthipe nkhungu isanachoke, mame akuluma mapazi. Ine ndinali ndi kabudula wa sukulu ndi juzi yong'ambika m'zigongono. Pofika padziwe limene bambo ankalikonda, pansi pa mtengo wa mkuyu, zala zanga zinali ngati timitengo.

Bambo anatchera khutu kumadzi. Kenako anandigwira paphewa.

"Wamva? Imeneyo si matemba."

Ndinaiona. Msana wautali unadula madzi n'kumira. Inali mpasa. Mpasa sizinkafika kawirikawiri kumtunda kwathu, ndipo bambo anali asanagwirepo kwa zaka zambiri. Anatulutsa kachitini ka fodya mmene ankasungira mbedza zawo za nthenga. Zinali zitatsala zitatu. Anazipapasa, n'kundipatsa yaikulu.

Chingwe chinakana kulowa pa kabowo kawiri. Chitalowa, ndinazunguliza katatu, chala n'kuterereka. Nsomba inawombanso madzi. Ndinaona kuti ndikayambiranso ithawa. Ndinakoka mfundoyo ili choncho, youma. Pa nthambi sindinaiyese.

"Kasanu?"

"Eya."

"Wanyowetsa?"

"Eya, bambo."

Anaponya kamodzi, kawiri. Kachitatu madzi anaphulika. Nsungwi yowedzera inapindika mpaka ndinaganiza kuti ithyoka. Bambo anaimirira bwinobwino, miyendo atatangadza, akuilola nsomba kuti ithamange, n'kuibweza, n'kuilolanso. Nkhope yawo inali ya munthu amene sindinkamudziwa. Ankaseka. Bambo anga sankaseka wambawamba.

Ndiyeno nsungwi inawongoka. Chingwe chinabwerera chopepuka, chikuyandama pamadzi.

Ndine amene ndinachikoka. Nditayang'ana kunsonga, ndinaona kuti inali itapiringizika ngati kamchira ka nkhumba. Aliyense wowedza amadziwa tanthauzo lake. Chingwe chikadulidwa ndi nsomba kapena ndi mwala, nsonga imakhala yowongoka. Ikapiringizika, ndiye kuti mfundo yamasuka, ndipo wolakwa ndi amene anamanga.

Bambo anali atatambasula kale dzanja. Ndinatembenuka ngati ndikukonza chingwe, n'kuika kamchira kaja pakati pa mano, n'kukaluma. Ndinakalavulira m'bango. Ndinawapatsa chingwecho.

"Chaduka," ndinatero.

Anapapasa nsonga ndi chala chachikulu. Anaipititsanso pamlomo.

"Chabwino. Tiye kunyumba."

Dzuwa linali lisanatuluke bwino n'komwe. Tinakwera chitunda kubwerera kumudzi. Titafika anatsomeka nsungwi yawo kudenga la khonde, kachitini kaja n'kukaika m'thumba la jekete lakale.

Loweruka lotsatira sanandidzutse. Linalo chimodzimodzi. Ankapita kudimba m'mawa, masana n'kukhala pakhonde akuwothera dzuwa, manja ali pa mawondo. Akangaude anayamba kumanga pa nsungwi ija.

A Kamwendo sakanalephera kuona.

"Kodi a Mateyu, nkhanga zatha m'thengo? Kapena nsomba zatsegula maso?"

Bambo anangopitiriza kuwothera dzuwa.

"Musadandaule, ukalamba sunyengerera. Ndikakugawirani nyongolotsi, zimenezo ngakhale mutatsinzina zimalowa."

Amayi anamva ali kuseri akusenda kachewere, ndipo anatulukira mpeni uli m'manja. "A Kamwendo, inu amene mukuona bwino, mwagwira zingati chaka chino? Paja sabata yatha munawedza nsapato."

Anthu anaseka, a Kamwendo nawonso anaseka. Bambo okha sanaseke. Madzulo ake ndinamva amayi akuuza mlongo wanga kuti, "Bambo anu yawapweteka nsomba ija. Akuona ngati dzanja lawo latha." Ndinaona kuti munthuyo akudziimba mlandu wa ine. Anali atataya kale maso, ndipo tsopano ndinali kuwalanda mtsinje.

Ndinapirira masabata anayi. Sindingadzitame kuti ndinali mwana wolimba mtima. Ndinkaopa chikoti. Kangapo ndinafika pakhonde n'kubwerera, n'kunamizira kufuna madzi akumwa.

Lamulungu lina titachoka kutchalitchi ndinawapeza ali okha, akupota chingwe cha mbuzi pantchafu. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono, poti dzanja lisafike.

"Bambo, chingwe chija sichinaduke."

Anapitiriza kupota.

"Ndinazunguliza katatu. Sindinanyowetse. Chinamasuka, ndiye ndinaluma nsonga kuti musadziwe."

"Ndikudziwa," anatero. "Mano amaphwanya chingwe, chimakhala chaphwathalala. Nsomba sitero. Ndinamva mano ako tsiku lomwelo, Lusiyano."

Masabata onse aja ndinkawamvera chisoni, pomwe iwo ankangondidikira.

"Nanga bwanji munasiya kupita kumtsinje?"

"Ndipite ndi ndani? Ine sindiona. Ndimaponya chimene wandiuza. Ukati kasanu pomwe ndi katatu, ndiye kuti ndikuwedza ndi bodza." Anaika chingwe cha mbuzi pansi. "Mfundo zimamasuka. Zanganso zinkamasuka. Mzungu uja ananditukwanapo mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Ukanandipatsa kamchirako, tikanamanga ina n'kuponyanso. Mwina inalipo inzake padziwepo."

Zimenezo zinandipweteka kuposa chikoti. Chikoticho sichinabwere. Anandituma kukatenga ndowa yodzaza madzi, mbedza wamba ndi chingwe. Anandiuza kuti ndimange, ndikole mbedza ku chigwiriro cha ndowa, ndiinyamule ndi chingwe chokhacho, nditaiyandikiza kumapazi anga. Mfundo yoyamba inagwira. Anati ndidule ndimangenso. Yachiwiri inagwira. Yachisanu ndi chiwiri ndinaifulumira, ndowa n'kundikhuthukira m'miyendo, madzi ozizira a m'chitsime. Mlongo wanga anaseka mpaka kukhala pansi.

"Yatani?" anafunsa bambo, ngati sanamve.

"Yamasuka."

"Wamanga ndani?"

"Ine."

"Eya. Katunge ena."

Loweruka lotsatira anandidzutsa ndi phazi. Nsungwi anali ataipukuta kale. Tinagwira tinsomba tinayi tating'ono, ndipo a Kamwendo anati amphaka a m'mudzi asangalala. Mpasa sitinaionenso padziwe limenelo, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Bambo anamwalira asanagwire ina. Sananditchulirepo nkhaniyo, ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinaiiwale ngakhale kamodzi.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndakalambira pa Chimbiya, ndikumanga matumba a kachewere ndi kabichi pa malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Dalaivala sakwera pamwamba kukaona zingwe. Amangosuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Madala, zili bwino?" Ndikayankha, amaliza injini n'kulowa mumsewu mmene muli anthu apanjinga ndi ana a sukulu.

Si masiku onse pamene ndimamanga bwino. Manja amatopa, mvula imagwa, zingwe zina n'zakale. Katundu amene ndinamanga anagwapo kawiri pa zaka zonsezi. Ulendo wina mwini lole anafika atakwiya, akufuna kudziwa ngati dalaivala ankathamanga kwambiri. Zikanakhala zosavuta kungogwedeza mutu. Ndinamuuza kuti dalaivala alibe mlandu, mfundo ya kumbuyo ndinamanga ndine. Anandilalatira pamaso pa anthu a pamsika. Patapita sabata anabweranso ndi lole yomweyo, n'kufunsa kuti mdala uja ali kuti.

Ndili mwana ndinkayesa kuti bambo ankandiphunzitsa kumanga mfundo yosamasuka. Mfundo yotero kulibe. Chimene ankafuna n'chakuti munthu amene sangathe kuona ntchito yanga athe kuyenda ndi mawu anga. Ndiye dalaivala akafunsa, ine ndisanakoke chingwe chilichonse ndi manja angawa, ndimamuuza kuti adikire. Ena amaliza hutala, ena amanditcha wovuta. Adikire basi.