Mbewu Yotentha m'Thumba

Dzulo m'kalasi aphunzitsi anatsegula botolo la nyemba zonyowa. Anati mbewu imapuma ngati ife, imaphwanya shuga wake kuti ipeze mphamvu, ndipo potero imatulutsa kutentha. Anzanga ankalemba, koma ine fungo la m'botolomo linandibweza kwathu ku Chinyunyu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Atate ndi amayi anapita kumaliro ku Shikabeta, n'kundisiyira ntchito imodzi: kulondera chimanga cha mbewu chimene anayanika pamphasa, chongotongoledwa kumene. Chaka chimenecho munda sunabereke, ndipo mbewu yathu yonse inali yomweyo. Nkhuku zinandivutitsa tsiku lonse. Pofuna kuti adzandiyamikire, ndinachiwolera chisanaume m'thumba la fetereza, lija la pulasitiki mkati, ndinamanga zolimba, n'kulibisa kuseri kwa chitseko.

Anabwera patatha sabata.

"Iwe, mbewu ili kuti?" anafunsa amayi.

"Ndasunga bwino, amayi. Nkhuku sizinadyeko ngakhale pang'ono."

Atate anamasula chingwe. Munatuluka fungo lowawasa ngati la gaga wovunda. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, natulutsa chimanga chomatirana, chotuwa ndi chuku.

"Bwera, ugwire," anatero motsitsa mawu.

Ndinapisa. Munali motentha ngati pamphumi pa munthu wamalungo.

Amayi anakhala pansi pakhomo, fumbi la paulendo likadali kumapazi. "Atate ake, nanga mvula ikagwa tibzala chiyani?"

Ine ndinangoima pomwepo, kudikira kuti wina andikalipire, koma palibe anandiyang'ana.