Makapu Awiri a Muwawani

Ndinapita kukafunsira mbeta kwa Tengani mu Okutobala, dzuwa lake lija loti ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala pansi pa nimu. Ine ndinabadwira kwa Kasisi, koma ndinakulira ku Blantyre kwa amalume, kotero zambiri za kumudzi ndinkangozimva ndi makutu. Mtsikana amene ndinkamufunayo anali atandichenjeza kuti bambo ake alibe vuto, koma mayi ake sankafuna n'kumva komwe za mkamwini wa m'tauni. Ndiye mlungu wonse ndinakhala ndikuloweza mawu aulemu a Chisena, poti mayiwo ndi Asena enieni.

Chimene chinandigwetsa ndi kanyenya. Pamsika wina m'njira, tikudikira kabaza, ndinagula nyama yambuzi yowotcha, amalume akundiletsa. Tinagona kwa achibale pafupi ndi kwawo kwa mtsikanayo, ndipo kutacha m'mimba mwanga munali kulira ngati achule a m'dambo. Dzuwa lisanakwere ndinali nditapita kuchimbudzi kasanu. Nkhani yathu inali yoti ikambidwe masana omwewo, ndipo wofunsira mbeta sanyamukanyamuka pamphasa akuluakulu akuyankhula.

Mtsikana wanga anabwera kudzatiwona, nandipeza nditapinda ngati mbedza. Ndinamuchonderera kuti asauze munthu, koma iye anangolunjika kwa mayi ake. Manyazi ake! Apongozi kudziwa za m'mimba mwako asanakuwone n'komwe nkhope.

Mayiwo atamva, ananyamuka nthawi yomweyo. Anatenga khasu, nalowera kutchire kuseri kwa minda ya mapira, akutsimphina pang'ono mwendo wakumanzere. Patapita nthawi anabwera ndi muzu wa muwawani, mtengo wowawa uja wodziwika pa za m'mimba. Anaupala, kuusinja, kuuviika m'madzi otentha, napatsa mwana wawo kapu kuti andipatse, iwo atayima chapatali pafupi ndi nkhokwe.

Apa ndinati mwayi wanga ndi uno. Ndinayika kapu pansi, ndinagwada, ndinawomba m'manja, n'kutulutsa Chisena changa choloweza chija mokweza: "Takhuta maningi, mayi! Zikomo kwambiri!"



"Nkhabe! Ayi!" anakuwa mayiwo. Anayiwala za upongozi, anathamangira pomwe ndinagwadapo, kulanda kapu n'kukhuthulira zonse m'fumbi.

"Mwachita chiyani inu?" anatero mtsikana wanga, manja ali kumutu. "Mankhwala sathokoza! Mukathokoza amasuluka, sagwiranso ntchito."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Mwambowo ankaudziwa bwino lomwe, kungoti m'zaka zonse zija zondipatsa mapiritsi sanaganizeko zondiuza.

Apongozi anati muzu wotsala nawo waipa, pafunika wina. Mayi aja anatolanso khasu lawo. Nthawi imeneyo dzuwa linali litafika pamutu, mchenga ukuwotcha ndi m'patapata momwe. Ndinawayang'ana akutsimphina mpaka anazimirira m'mapira, ndipo kuseka kwa amalume kunandinyansa. Ndinamva chisoni, ndinadziwanso mumtima kuti ukwati ndauphonya ndekha ndi pakamwa panga.

Kapu yachiwiri inabwera yodzaza kuposa yoyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita dala. Kuwawa kwa muwawani sikuthera pa lilime. Kumatsika kukhosi, kukwera m'makutu, kenako kubwerera kudzafunsa ngati mwakumva. Ndinagugudiza yonse, misozi ili mbwembwembwe. Koma kuwawako kunali pang'ono poyerekeza ndi kubweza kapu kwa munthu wamkulu, thukuta likumutsika m'khosi chifukwa cha ine, osanena kalikonse. Ndinaluma lilime, n'kuyang'ana pansi ngati wakuba nkhuku.

Kaya ndi muzu, kaya ndi mantha, m'mimba munakhala bata. Masana ndinakhala pamphasa kuyambira moni mpaka mawu otsiriza osanyamuka, amalume ndi ankhoswe a mtsikana akuponyerana miyambi. Pomaliza, nkhoswe wamkulu anatembenukira kumene kunakhala amayi nati, "Nanga eni mwana akutipo chiyani? Paja tinamva kuti ali ndi mawu."

 Mayi aja anakonza chitenje, nayankhula akuyang'ana kumbali, monga amachitira apongozi.

"Mawu ndinali nawo, inde. Munthuyu ndi wopusa, taona tonse. Koma ine lero ndakumba mizu iwiri padzuwa, ndi mwendo wangawu. Ndiye mukufuna ndimuchiritse ine, akakwatire mwana wa wina?"

Nthungululu zinalira mpaka kwa achibale tinagona kuja, ndipo ine ndinalira nawo poyera, m'kamwa mudakali kuwawa.